Loko Watsopano, Liwu Lakale

Njerwa inali itagona pa desiki ya Zala masiku atatu, ndipo sikirini ya kompyuta yake inali idakali psuu ndi zilembo zofiira.

"Tiipatse dzina njerwayi," anatero a Ndevu akudutsa ndi kapu ya tiyi. "Yasanduka mwana wa pakhomo panu."

Zala sanaseke. Anadina batani, makina n'kuyamba kulongedza, mizere yoyera ikuthamanga ngati zinthu zikuyenda. Patapita mphindi imodzi inaima, zofiira zija n'kubweranso.

Njerwayo inali ndi mbiri yake. Kale ntchito yake inali yogwira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse, koma a Ndevu, mkulu wa anthu anayi okonza mapulogalamu pa kampani yonyamula katunduyo, anaikweza pantchito. Aliyense wochititsa kuti pulogalamu ikane kulongedzeka ankaikiridwa njerwayo pa desiki mpaka atakonza, ndipo odutsa ankaisisita n'kuifunsa kuti yadzuka bwanji. Zala, amene anapatsidwa dzinali chifukwa cha liwiro lake pa mabatani, anatha zaka zisanu njerwa isanamupondere pa desiki. Tisaname, ankanyada nazo.

Vuto lake linali lotere. Tsamba la kampani la pa intaneti, limene makasitomala ankaitanirapo galimoto, sanalilembe lonse okha. Palibe amene amalemba zonse yekha. Umabwereka zidutswa zimene ena analemba kale, ichi chotumiza mauthenga, icho chojambula mapu. Chidutswa chilichonse chimakhala ndi nambala ya msinkhu wake, ndipo chimanena chokha kuti chingagwire ntchito ndi zinzake za nambala ziti. Pomaliza makina amazimanga zonse mtolo umodzi, mtolowo n'kutumizidwa ku seva, kompyuta yaikulu yosungira matsamba a pa intaneti, kuti anthu aziugwiritsa ntchito. Koma zidutswa ziwiri zikakangana, makina samanga mtolo.

Zimene zinakangana zinali loko ndi liwu. Loko ndi chidutswa chotseka pakhomo kuti wopanda chilolezo asalowe. Liwu ndi chidutswa chowerenga mokweza zimene zalembedwa pa sikirini. Zonse ziwiri zinkatsamira pa chidutswa chachikulu chimene mu ofesimo ankangochitcha maziko. Loko wakale anapezeka ndi bowo loti akuba akanatha kutulutsirapo mayina a makasitomala ndi kumene amakhala, ndiye eni seva analemba kalata: Lachisanu nthawi ya 12 koloko masana, amene sanaike loko watsopano amuzimitsira tsamba. Tsono loko watsopanoyo ankafuna maziko nambala 5 kapena kuposa. Liwu linkafuna maziko nambala 3, osapitirira. Mu mtolo munkalowa maziko amodzi basi.

"Mwayesa nambala 4?" anafunsa a Ndevu akukoka mpando.

"Zikukana zonse ziwiri. Loko akuti ndi zakale, liwu likuti ndi zachilendo."

"Atambala awiri salira m'khola limodzi, mayi. Mmodzi alowe mumphika."

"A Ndevu, mukudziwa amene amamvera liwulo."

A Ndevu anakanda ndevu zawo. Ankadziwa. Pa kampani yonse, munthu wogwiritsa ntchito liwulo anali mmodzi yekha, achimwene ake a Zala, amene ankagwira ntchito m'chipinda cha mafoni pansi pa masitepe.

Madalaivala ankawatcha a Khutu, chifukwa munthu akangoti "halo" ankamutchula dzina, n'kumuuzanso kuti wadzuka ndi chimfine. Maso anawasiya ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kuyambira pamenepo Zala ndiye anali wowawerengera: mabuku a kusukulu, mapepala a mankhwala, ngakhale makalata a chibwenzi ochokera kwa mkazi amene tsopano ndi mlamu wake, iye akuwerenga nkhope itatentha ndi manyazi, iwo akuti, "Bwereza pamenepo." Zaka zinayi zapitazo Zala anapeza kachidutswa ka liwu kaja, kolembedwa ndi munthu wina wakutali amene ankangogawa ulere, n'kukalumikiza ku tsamba. Atatero anakagwada kwa Abwana, mayi mwini kampaniyo, kuti awayese achimwene ake mwezi umodzi. Mwezi unatha, ndipo madalaivala anakana kutumidwa ndi wina aliyense. Tsiku limene anawalemba ntchito, a Khutu anagwira mutu wa mlongo wawo n'kunena kuti, "Maso ako ndakubwezera. Kawagwiritse ntchito zako."

"Tiyeni tikakamize," anatero Zala. "Pali njira youza makina kuti amange basi, asamvere mkangano."

"Ilipo. Ndi njira yomwe ija yotsekera sutikesi poikhalira."

Anakakamiza. Kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu, sikirini inabiriwira. Zala ananyamula laputopu n'kutsika masitepe akuthamanga.

Anawapeza achimwene ake ali pa foni, zomvera zili m'makutu, chala chili pa batani lalikulu limene anamatapo kansalu kuti azilizindikira. "Iwe, katundu wa mayi uja ndi magalasi, usamuyendetse ngati njerwa," ankauza dalaivala. Ataika foni anatembenukira kuchitseko. "Mlongo, watsika ngati wathamangitsidwa. Kwagwanji?"

"Palibe, achimwene. Ndikufuna mundiyesere kanthu katsopano."

Anawalumikizira zomvera ku laputopu. A Khutu anadina, n'kumvetsera, nsidze zikukwera pang'onopang'ono. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mkazi wanga wachiwiriyu mwamumwetsa chiyani? Akungoti batani, batani, batani. Mayina a anthu wameza."

"Ndikungoyesa."

"Yesani bwino, musandiphere mkazi. Zaka zinayi sanandiyankhepo mwano."

Zala anaseka nawo kuti asamukayikire, kenako anakweranso masitepe. Atafika anapeza a Ndevu ali pa kompyuta yake, magalasi ali pa nsonga ya mphuno, ndipo nkhope yawo inalibe nthabwala.

"Loko nayenso mu mtolo wokakamizawu akungotsegulira aliyense," anatero. "Koma si zimene ndikufuna kukuonetsani. Mzere uwu analemba ndani?"

Unali mzere umodzi waufupi, wobisika pansi pa fayilo yolamulira makina olongedza. Unkauza makinawo kuti akaona chenjezo lokhudza liwu, akhale chete. Pambali pake panali tsiku la zaka ziwiri zapitazo ndi mawu awiri: ndikonza posachedwa.

Zala anaukumbuka bwino. Tsikulo chenjezo lachikasu linatuluka koyamba, lonena kuti liwu latsalira ndipo mwini wake sakulikonzanso. Malamulo a mu ofesimo ankati chachikasu chikakhala sabata, njerwa imabwera. Kunali ntchito yambiri mwezi umenewo, ndipo iye, Zala wosapondedwa ndi njerwa, sanafune kuti anyamata awiri ogwira nawo ntchito amusisitire desiki. Anatseka chenjezo pakamwa, akuti abwererako mwezi wamawa. Akanayamba nthawi imeneyo, zaka ziwiri zikanamukwanira kulemba liwu lina ngakhale ndi chala chimodzi.

"Ndine," anatero.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero a Ndevu, koma motsitsa, kuti ena asamve. Anayang'ana njerwa ija nthawi yaitali. "Komanso ndine ndinabweretsa chinthu ichi muno. Ndinkati ndi masewera."

Lachinayi linapita ngati madzi m'dengu. Zala analembera mwini liwu uja, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo, lolembedwa kale ndi makina: ntchito imeneyi ndinaisiya, amene akuifuna aitenge. Anatsegula mkati mwa chidutswacho kuti achikonze yekha, n'kupeza mizere zikwi khumi ndi chimodzi, ndemanga zake zili m'chilankhulo chimene sankachidziwa n'komwe. Anasintha malo asanu, ena makumi awiri n'kusweka. Anayesa mapulogalamu wamba owerengera osaona, amene amagwira pa tsamba lililonse lolembedwa bwino. Koma tsamba la oyankha mafoni iye mwini analipanga ngati bolodi lojambula, timabokosi tamitundumitundu tikuyenda pa mapu, chifukwa Abwana ankakonda kuona magalimoto awo akuyenda. Pulogalamu wamba ikafika pamenepo inkangoti "chithunzi," n'kukhala chete.

Masana anakagogoda kwa Abwana. Anali mayi wosakonda kuzungulira, amene anayamba kampaniyo ndi galimoto imodzi, akuyendetsa okha.

"Ndipatseni miyezi iwiri, Abwana. Ndililembanso tsamba lonse kuti pulogalamu iliyonse iziliwerenga."

"Miyezi iwiri ndilibe. Eni seva ndawaimbira kawiri, akuti bowolo akuba alidziwa kale, sangadikire ngakhale Loweruka."

"Nanga tisamukire kwa eni seva ena?"

"Ndi loko wobowoka? Mayina a anthu amene anatikhulupirira tiwasiye panja?" Abwana anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Mwana wanga, achimwene ako ndimawafuna kuposa mmene ukuganizira. Amadziwa dalaivala amene wakangana ndi mkazi wake asananene. Koma ndili ndi madalaivala makumi atatu. Tsamba likazima mawa, onsewo aimika magalimoto."

"Ndiye iwo atani Lolemba?"

"Akapume kaye kunyumba. Ukamaliza kulemba, tidzaona."

Zala anawadziwa mawu akuti tidzaona. Mpando wa mafoni sungakhale wopanda munthu miyezi iwiri, ndipo munthu akakhalapo miyezi iwiri, mpando umamuzolowera. Komanso miyezi iwiriyo anaitchula ndi pakamwa chabe. Mumtima ankadziwa kuti ndi isanu, mwinanso kuposa, poti ntchito zina sizidzaima kumudikira. Anatuluka mu ofesimo alibe choti n'kugwira. Sanakwiyire Abwana, poti sananame. Sanakwiyire mwini liwu, poti munthu wokupatsa chinthu chaulere sungamutengere kubwalo akatopa. Mkwiyo wonse unkabwerera kwa iye mwini, ndipo kumeneko sunkakonza kanthu.

Lachisanu m'mawa anadzera kwa achimwene ake monga mwa masiku onse. Mlamu wake anawaperekeza mpaka pageti, akuwakonza kolala. Anayenda mpaka pokwerera basi, dzanja la a Khutu lili pa chigongono cha Zala, ndodo yoyera ikugogoda m'mphepete mwa msewu. Zala anali atakonza mawu, koma nthawi iliyonse akati atsegule pakamwa ankangoti, "Pali dzenje apa," kapena, "Tikwere apa."

"Lero ukundiyendetsa ngati dzira," anatero a Khutu ali m'basi. "Dzenje limenelija ndimalidziwa kuyambira chaka chatha."

"Ndatopa chabe, achimwene."

"Iwe ukatopa umalongolola. Ukakhala chete ndiye kuti waswa mbale."

Basi inaima, anthu anakankhana, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Zala anathokoza phokosolo, kenako anachita manyazi kuti walithokoza.

M'mawa wonse anayesabe. Anayesa kuika liwu m'kamtolo kakekake ndi maziko ake akale, koma loko watsopano analiona ngati mlendo n'kulitsekera kunja, osalilola kuona dzina ngakhale limodzi. Anafufuza ngati pali wina padziko amene anatola ntchito ya liwulo. Anapeza anthu asanu ndi awiri amene anafunsa funso lake lomwelo m'zaka ziwirizo, aliyense m'dziko lake, ndipo pansi pa funso lililonse panalibe yankho. Wina anangolemba kuti, inenso. Zala anayang'ana mawuwo nthawi yaitali, akuganiza kuti kaya ameneyo anali ndi ndani pansi pa masitepe.

Itakwana hafu pasiti leveni, a Ndevu anaima kumbuyo kwake. Anyamata awiri aja anasiya kulemba. Abwana anali pachitseko, manja atapinda.

"Mukafuna, liwulo ndilichotse ndine," anatero a Ndevu. "Dzanja langa ndi lokalamba, lazolowera."

"Ayi. Ndinaika ndine."

Pa mndandanda wa zidutswa, liwu linali mzere wa nambala 23. Anauwalitsa, n'kudina kamodzi, mzerewo n'kufufutika. Anachotsanso kamzere kake kaja ka ndikonza posachedwa. Pa maziko anafufuta 3 n'kulemba 5. Makina anayamba kulongedza, ndipo sanazengereze n'komwe: mphindi isanathe, sikirini yonse inali yobiriwira. Chinthu chimene chinamudyera masiku asanu chinatheka mosavuta chonchi, ndipo kuphweka kwakeko ndi kumene kunamupweteka kwambiri. Mtolo unapita ku seva kutatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Mmodzi wa anyamata aja anayamba kuwomba m'manja, koma ataona kuti ali yekha anasiya. A Ndevu anatambasula dzanja kuti achotse njerwa.

"Isiyeni," anatero Zala. "Sindinakonze kanthu."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono. M'chipinda cha mafoni a Khutu anali atakhala mowongoka, zomvera zili m'makutu, chala chikudina batani la kansalu lija. Ankadina, n'kudikira, n'kudinanso. Pa sikirini patsogolo pawo timabokosi tinkayenda bwinobwino, tatsopano tikubwera pamwamba.

"Wapita, eti?" anafunsa osatembenuka.

"Achimwene, ndimati ndikuuzeni m'basi."

"Ndinadziwa Lachitatu. Munthu sutsika masitepe choncho chifukwa cha kanthu katsopano." Anavula zomvera. "Wadwala kapena wamwalira?"

Zala anawauza zonse, za loko, za maziko, za tidzaona wa Abwana. Anawauzanso za chenjezo lachikasu ndi njerwa, ngakhale kuti zimenezo akanatha kuzibisa. Misozi inkagwera pa bulauzi. A Khutu anamvetsera mutu utapendekeka, monga ankamverera madalaivala.

"Zaka ziwiri," anatero.

"Eya."

"Chifukwa cha njerwa."

"Eya, achimwene."

Sanamukalipire, ndipo Zala analakalaka akanamukalipira. Anangotenga chingwe cha zomvera n'kuyamba kuchikulunga pa zala zawo, bwinobwino, osasiya mfundo, n'kuchiika m'thumba la malaya. Anapapasa pa desiki n'kupeza kapu yawo, kawailesi kawo, ndi kabotolo ka mankhwala a mutu, n'kuzisonkhanitsa pamodzi pakona.

"Mlamu wako usamuuze. Ndikamuuza ndekha."

Foni inalira. Inaliranso, kachiwiri, kachitatu. Dzanja la a Khutu linapita lokha, poti zaka zinayi si masewera.

"Halo. Ee, ndakumva, wafika pa mphambano. Dikira pang'ono ndikuuze kolowera." Anatseka foni ndi chikhatho, n'kutembenuzira nkhope kumene kunali mlongo wawo. "Lero lokha lisanathe ndidakali pantchito. Kokera mpando. Ndibwereke maso ako."

Zala anakoka mpando n'kukhala pambali pawo, phewa kukhudza phewa, monga ankakhalira pa mkeka ali ana. Anapukuta m'maso kuti aone bwino, n'kuyamba kuwerenga bokosi loyamba, dzina la kasitomala, msewu, nambala ya nyumba.

"Pang'onopang'ono," anatero a Khutu. "Umathamanga ukamawerenga. Sunasinthe."

Pamwamba wina ankaitana dzina la Zala, kuti tsamba la mapu likufuna kuonedwa. Iye sanayankhe. Anabwerera pa chiyambi cha mzere n'kuwerenganso, ndipo pansi pa bokosilo panali patabwera kale ena anayi.